Dokotala Wolondola Mapazi a Matenda

Munthu akadwala amapita kuchipatala. Dokotala amamufunsa pamene pakumuŵaŵa, namupima ndi kumupatsa mankhwala. Wodwalayo akachira amabwerera kwawo, ndipo ntchito ya dokotala uja imathera pomwepo. Koma alipo madokotala ena amene ntchito yawo imayambira pamene anzawo alekezera. Iwoŵa akaona kuti anthu ambiri akudwala nthenda imodzimodzi, amadzifunsa mafunso atatu: Kodi akudwalawo ndani? Nanga amakhala kuti, ndipo amagwira ntchito yanji? Adayamba liti kudwala? Akatero amaŵerenga odwala ndi osadwala omwe, nayerekeza gulu lina ndi linzake, kufikira atapeza gwero la nthendayo. Monga mlenje alondola mapazi a nyama mpaka pamene yagona, iwonso amalondola mapazi a matenda. Maphunziro ameneŵa pa Chingerezi amatchedwa epidemiology.

Nthambi imodzi ya maphunziroŵa imayang'ana matenda amene munthu amawatenga kuntchito, kapena mumpweya, m'madzi ndi m'dothi la kumene akukhala. Mmodzi mwa anthu amene adakhazika maziko a nthambi imeneyi ndi mayi wina wa ku America, Dokotala Alice Hamilton.

Ubwana ndi maphunziro

Alice Hamilton adabadwa pa 27 Febuluwale 1869 mumzinda wa New York, koma adakulira ku Fort Wayne m'dera la Indiana. Makolo ake adali opeza bwino, ndipo iye ndi abale ake adayamba kuphunzira ali panyumba. Atasinkhuka adasankha udokotala, poona kuti dokotala sasoŵa chochita kulikonse kumene angapite. Masiku amenewo akazi ophunzira udokotala adali oŵerengeka, pakuti anthu ambiri ankati ntchitoyo njachimuna. Alice sadabwerere m'mbuyo, ndipo m'chaka cha 1893 adalandira digiri ya udokotala pa Yunivesite ya Michigan.

M'chaka cha 1895 Dokotala Hamilton adaoloka nyanja kunka ku Germany, kukaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda m'mizinda ya Leipzig ndi Munich. Kumeneko mayunivesite adali asadayambe kulandira akazi monga ophunzira enieni, kotero iwo ankangololedwa kukhala nawo ndi kumvetsera mosadzionetsera. Atabwerera kwawo adaphunziranso chaka chimodzi pa Yunivesite ya Johns Hopkins, ndipo mu 1897 adalembedwa ntchito yophunzitsa pasukulu ya udokotala ya akazi mumzinda wa Chicago.

Pakati pa amphaŵi

Ku Chicago sadakakhale kudera la anthu achuma. Adapempha malo m'nyumba yotchedwa Hull House, imene Mayi Jane Addams ndi mnzawo adatsegula mu 1889 pakati pa amphaŵi. M'nyumbamo munkakhala anthu ophunzira amene adadzipereka kuthandiza anansi awo. Anansiwo ambiri adali alendo ochokera ku Italy, Poland, Russia ndi maiko ena a ku Ulaya, amene adabwera kudzafuna ntchito m'mafakitale. Dokotala Hamilton adakhala m'nyumba imeneyi zaka 22. Masana ankagwira ntchito yawo, ndipo pa nthaŵi yopuma ankapima makanda ndi kulangiza amayi.

M'menemo ndi mmene adayamba kumva nkhani zachisoni. Mayi wina ankanena za mwamuna wake amene adatsamwa ndi mpweya woipa kufakitale yosungunula zitsulo. Wina ankanena za mwamuna wopaka utoto amene manja ake adafa mphamvu. Anthu ankangoti ndi tsoka, kapena kuti ndi mmene umphaŵi ulili. Ngakhale madokotala a ku America sankasamala za matenda otere, pamene anzawo a ku Britain ndi ku Germany adali atalemba kale mabuku pankhaniyi.

Phunziro la ntchentche

M'chaka cha 1902 ku Chicago kudabuka mliri wa tayifodi, ndipo dera lozungulira Hull House ndilo lidalira maliro ambiri. Dokotala Hamilton adayenda m'makwalala kuti aone chimene chidasiyanitsa derali ndi madera ena. Adapeza zimbudzi zodzaza ndi zosatsekedwa, ndiponso ntchentche zosaŵerengeka. Adagwira ntchentche zina, nazipima, napeza kuti zidanyamula tizilombo ta tayifodi. Motero adalemba kuti ntchentche ndizo zinkafalitsa nthendayo, ndipo anthu adawatamanda kwambiri.

Patapita nthaŵi zidadziŵika kuti chifukwa chachikulu chidali china. Pamalo opopera madzi padaonongeka, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zidaloŵa m'mipope ya madzi akumwa a m'deralo kwa masiku angapo. Akuluakulu ena a mzinda ankadziŵa zimenezi koma adabisa. Dokotala Hamilton atamva sadaume mutu. Kwa zaka zambiri, anthu akamawayamikira chifukwa cha ntchentche zija, iwo ankawauza poyera kuti adaphonya. Adaphunzirapo kuti chinthu choyamba kuoneka sindicho nthaŵi zonse gwero la matenda, ndi kuti wofufuza woona savutika kuvomera pamene walakwa.

Kusaka mtovu

M'chaka cha 1908 bwanamkubwa wa dera la Illinois, mmene muli mzinda wa Chicago, adakhazikitsa bungwe loona za matenda a pantchito, ndipo Dokotala Hamilton adasankhidwa kukhala mmodzi wa m'bungwemo. Mu 1910 adapatsidwa udindo wotsogolera kafukufuku. Adagaŵira anzawo ziphe zina zoti afufuze, koma iwo eni adatenga mtovu.

Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofeŵa ndi chotuŵa. Umagwiritsidwa ntchito m'mabatire a galimoto, ndipo masiku amenewo unkathiridwa kwambiri mu utoto wopaka nyumba. Kuipa kwake nkwakuti ukaloŵa m'thupi sutuluka msanga. Umaunjikana pang'onopang'ono m'magazi ndi m'mafupa. Munthu amayamba kutumbuluka ndi kusoŵa chilakolako cha chakudya. Kenaka m'mimba mumapotokola koopsa, ndipo pankhama pamaoneka mzere wakuda. Nthendayo ikakula, dzanja limafooka ndi kulendeŵera pamfundo, kotero kuti munthu sangathenso kugwira chipangizo. Ena amagwa ngati akhunyu, ena amazungulira mutu, ndipo ena amafa.

Padalibe buku kapena kaundula wosonyeza mafakitale ogwiritsa ntchito mtovu. Dokotala Hamilton adayenera kuyenda okha. Adaloŵa m'mafakitale, nakwera makwerero, nasuzumira m'ng'anjo ndi m'zipinda zodzaza fumbi. Adapita m'zipatala kukaŵerenga mabuku a odwala. Adacheza ndi ogulitsa mankhwala, ansembe ndi atsogoleri a anthu apantchito. Akapeza dzina la wodwala ankamulondola mpaka kunyumba kwake, pakuti munthu ali pakhomo pake amalankhula momasuka kusiyana ndi pamaso pa kapitawo.

Ulendo wa m'makomowu udavumbula chinthu chachikulu. Eni mafakitale ankati antchito awo ngathanzi, ndipo mlendo akaloŵa ankaonadi amuna amphamvu okhaokha. Koma chifukwa chake chidali chakuti wantchito akadwala ankachotsedwa, ndipo pamalo pake pankaloŵa mlendo wina wongofika kumene. Odwala sadali m'fakitale. Adali gone m'nyumba zawo ndi m'zipatala. Munthu woŵerenga okhawo amene ali pantchito adakanyengeka. Kufikira lero ophunzira a nthambi imeneyi amachenjezedwa za msampha umenewu.

Eni mafakitale ankanenanso kuti odwalawo ngosasamba m'manja ndi okonda moŵa. Dokotala Hamilton adayerekeza zipinda zosiyanasiyana za m'mafakitale, naona kuti odwala ankachuluka mmene mudali fumbi ndi utsi wa mtovu. Tsono njira yaikulu imene chiphecho chinkaloŵera m'thupi idali mpweya umene anthuwo ankapuma. Kusamba m'manja nkwabwino, koma munthu sangaleke kupuma. Motero udindo waukulu udali pa mwini fakitale, kuti achotse fumbi mumpweya.

Chinsinsi cha mabafa

Tsiku lina m'chipatala china adapeza mwamuna wochokera ku Poland akudwala kwakayakaya ndi chiphe cha mtovu. M'buku la odwala mudalembedwa kuti ankagwira ntchito yokuta mabafa achitsulo ndi chikutiro choyera chosalala, chonga chija cha pambale ndi makapu achitsulo. Mabuku onse amene Dokotala Hamilton adaŵerenga sadatchule ntchito imeneyi kuti njoopsa.

Adapita kufakitaleyo. Akuluakulu adawalandira bwino, nawaonetsa chipinda chimene anthu ankapaka utoto kunja kwa mabafa, nawatsimikizira kuti mu utotowo mulibe mtovu. Zimenezi zidali zoona. Munthu wina adakakhutira nabwerera, koma iwo sadalekere pomwepo. Adafunafuna wodwala uja nakamufunsanso bwinobwino. Iye adafotokoza kuti ntchito yake sidali ya m'chipinda chimene adaonetsedwacho. Iye ndi anzake ankatulutsa bafa m'ng'anjo lili psu, nawaza ufa wosalala m'kati mwake kuti usungunuke ndi kumatirira. Pogwira ntchitoyo mpweya wonse unkachita kuti mbuu ndi ufawo.

Wantchito wina adawapatsa ufawo pang'ono. Dokotala Hamilton ataupima adapeza kuti pa magawo asanu alionse, gawo limodzi lidali mtovu. Akuluakulu akale adati safunsa adadya phula. Funso limodzi lofunsidwa kwa munthu wamba amene ankagwira ntchitoyo ndi manja ake lidavumbula zimene mabuku sadadziŵe.

Zipatso za kafukufuku

Lipoti la bungwe lija lidatuluka mu 1911. Lidasonyeza ntchito zoposa 70 zimene zinkaika anthu pangozi ya mtovu, ndi anthu 578 amene adatsimikizika kuti adadwala nawo. Dokotala Hamilton sankalemba zongomva. Munthu ankaloŵa m'chiŵerengero pokhapokha patapezeka umboni wokwanira, pakuti ankadziŵa kuti cholakwa chimodzi chikadapatsa otsutsa mpata wokana zonse. M'chaka chomwecho dera la Illinois lidakhazikitsa lamulo lakuti eni mafakitale ateteze antchito awo ku ziphe, kuti ogwira ntchito zoopsa azipimidwa ndi dokotala mwezi ndi mwezi, ndi kuti boma lizidziŵitsidwa za onse odwala.

Sikuti eni mafakitale onse adali ouma mtima. Ena adali osadziŵa chabe. Mkulu wina wa kampani yaikulu yopanga utoto wa mtovu adakana kwamtuwagalu kuti antchito ake akudwala, koma adalonjeza kuti akaonetsedwa umboni adzakonza zinthu. Dokotala Hamilton adabwerera m'zipatala, nadza ndi mbiri za odwala 22 ochokera m'mafakitale a kampaniyo. Mkuluyo adasunga lonjezo lake. Adaika makina okoka fumbi ndi kulemba madokotala oyang'anira antchito.

Kuyambira mu 1911 boma la dziko lonse la United States lidawapempha kuti afufuze m'madera onse. Sadapatsidwe mphamvu yoloŵera m'fakitale mokakamiza. Chida chawo chidali ulemu, kuleza mtima ndi ziŵerengero zoona. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adafufuza mafakitale opanga wonga wa mabomba. Popeza malo ake ankabisidwa, nthaŵi zina ankawapeza potsata utsi wachikasu kumwamba, kapena potsata amuna amene khungu ndi tsitsi lawo zidasanduka zachikasu ndi mankhwala. Mu 1918 adapita kwa osema miyala a ku Indiana, amene zala zawo zinkayera ndi kuchita dzanzi pa nyengo yozizira, nasonyeza kuti vutolo linkadza chifukwa cha kunjenjemera kwa nyundo zoyendera mpweya.

Mphunzitsi pa Harvard

M'chaka cha 1919 Yunivesite ya Harvard idafuna munthu wophunzitsa za matenda a pantchito. Atafunafuna, akuluakulu adapeza kuti wodziŵa kwambiri nkhaniyi m'dziko lonselo adali mkazi. Chiyambire yunivesiteyo idali isadalembepo mkazi kukhala mphunzitsi. Dokotala Hamilton, ali ndi zaka 50, adakhala woyamba. Komabe adapatsidwa malire atatu: asaloŵe m'nyumba yochezeramo aphunzitsi, asapemphe matikiti a mpira amene aphunzitsi ankapatsidwa, ndipo asayende nawo pamdipiti wa tsiku lopereka madigiri. Ophunzira awo onse adali amuna, pakuti sukulu ya udokotala ya Harvard idayamba kulandira akazi mu 1945.

Iwonso adaika pempho lawo: kuti aziphunzitsa theka la chaka lokha, ndipo theka linalo azipita m'mafakitale ndi m'migodi. Ankakhulupirira kuti mphunzitsi wa maphunziro ameneŵa akangokhala mu ofesi, posachedwa amayamba kuphunzitsa zinthu zakale. Zimene ankaona m'maulendo ndizo ankaphunzitsa m'kalasi ndi kulemba m'mabuku. Mu 1925 adasindikiza buku lotchedwa Industrial Poisons in the United States, loyamba la mtundu wake m'dzikolo. Kuyambira 1924 mpaka 1930 adali mkazi yekhayo m'komiti ya zaumoyo ya bungwe la maiko la League of Nations. Adaphunzitsa pa Harvard zaka 16, koma sadakwezedwe paudindo kufikira adapuma mu 1935.

Chenjezo limene silidamveke

Sikuti nthaŵi zonse mawu awo ankamveka. M'zaka zimenezo makampani adayamba kuthira mankhwala a mtovu mu petulo kuti injini za galimoto ziziyenda bwino. Mu 1924 amuna asanu adamwalira atazungulira mitu pafakitale ina yopanga mankhwalawo ku New Jersey. Mu 1925 boma lidaitanitsa msonkhano, ndipo Dokotala Hamilton adali mmodzi mwa amene adachenjeza. Iwo adaona kuti ngoziyo sidzathera m'fakitale, pakuti galimoto iliyonse idzamwaza mtovu mumsewu, mmene mumayenda ana ndi akulu omwe. Apa nkhani ya matenda a pantchito idasanduka nkhani ya mpweya wa anthu onse.

Chenjezolo silidamveke, ndipo petulo wa mtovu adafala padziko lonse. Patapita zaka zambiri ofufuza ena, poyerekeza magulu a ana, adatsimikiza kuti mtovu ngakhale wochepa umaononga ubongo wa mwana ndi kuchepetsa nzeru zake. Pamenepo maiko adayamba kuletsa petuloyo limodzi ndi limodzi. Dziko lotsiriza, la Algeria, lidaleka kumugulitsa mu 2021, patatha zaka 96 chichitikire msonkhano uja.

Ntchito yosatha

Dokotala Hamilton adamwalira pa 22 Sepitembala 1970 ku Hadlyme m'dera la Connecticut, ali ndi zaka 101. Patangopita miyezi itatu, pa 29 Disembala, dziko la United States lidakhazikitsa lamulo lalikulu loteteza moyo ndi thanzi la anthu pantchito.

Ntchito yotere ikufunika kulikonse kumene anthu amakumba, kusungunula, kupopera mankhwala kapena kupuma fumbi. Mumzinda wa Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994, koma mtovu udatsala m'dothi, ndipo ofufuza adaupeza wochuluka m'magazi a ana oseŵera pafupi ndi mgodiwo. Amuna ambiri a ku Malaŵi amene adapita ku Joni kukakumba golide adabwerako ndi chifuŵa chodza ndi fumbi la miyala, chimene nthaŵi zina chimaonekera munthu atakhala kale kumudzi zaka zingapo. Anthu otere sadziŵika pokhapokha wina atawalondola ndi kuwaŵerenga.

Wofuna ntchito imeneyi ayenera kulimbikira masamu ndi sayansi, pakuti ziŵerengero ndizo umboni wake. Ambiri amayamba ndi udokotala, unamwino kapena maphunziro a zaumoyo, kenaka amapitiriza kuyunivesite zaka zina zingapo, kufikira iwonso atayamba kufufuza ndi kuphunzitsa ena. Koma mbiri ya Dokotala Hamilton ikusonyeza kuti digiri payokha siikwanira. Pamafunikanso miyendo yosatopa, makutu omvera munthu wamba, ndi mtima wonena zoona, kaya zikomere mwini fakitale, kaya zitsutse wofufuza mwiniyo.

Matanthauzo a mawu

gwero: pamene chinthu chayambira
kafukufuku: ntchito yofufuza mwadongosolo kuti choona chidziŵike
chiphe: chinthu chodwalitsa kapena kupha chikaloŵa m'thupi
kaundula: buku losungamo maina ndi ziŵerengero
mdipiti: mzere wa anthu oyenda pamodzi pamwambo

Mafunso

1. Tchulani mafunso atatu amene dokotala wolondola matenda amadzifunsa.
2. Kodi Dokotala Hamilton adaphunzirapo chiyani pa mliri wa tayifodi wa mu 1902?
3. Fotokozani zizindikiro zinayi za munthu wodwala ndi chiphe cha mtovu.
4. Nchifukwa chiyani mlendo woloŵa m'fakitale ankaona antchito athanzi okhaokha?
5. Longosolani mmene chinsinsi cha mabafa chidaululikira.
6. Kodi mwambi wakuti "safunsa adadya phula" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
7. Tchulani malire atatu amene Dokotala Hamilton adapatsidwa pa Harvard. Kodi malirewo adali oyenera? Perekani zifukwa.

Zoti muchite

Sankhani ntchito imodzi yogwiridwa m'dera lanu, monga kuphwanya miyala, kuotcha njerwa, kuwotcherera zitsulo kapena kupopera mankhwala m'munda. Funsani mwaulemu munthu amene amaigwira kuti akuuzeni zovuta zimene amakumana nazo m'thupi, ndi mmene amadzitetezera. Lembani ndime ziŵiri pa zimene mwamva.